Mtulo wa Mawu kwa a Kalonda a M'masitolo a Zovala

Popeza kwathu kuno ku Nsadzo, m'boma la Chifunde, mwambo wa makolo sulola kuti wamkulu apite pakhomo osamuombera m'manja, ndipo popeza chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti, mafumu athu amaoloka malire kunka ku Mkaika, kufupi ndi Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi atasenza mitulo ya dziko lawo, ine ndaona kuti n'kulakwa kwakukulu kuti mfumu ina, imene ufumu wake wafalikira m'mizinda yonse kuyambira ku Tete kufikira ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja, ikhale mpaka lero yopanda mlakatuli ngakhale mmodzi woitamanda. Ndikunena kapulasitiki kaja kotuwa ndi kolimba, kosaposa chikhatho cha mwana, kamene mumakapeza katakakamira pakolala ya malaya, m'chiuno mwa thalauza kapena pampendero wa diresi m'masitolo aakulu. Kamene anyamata ogulitsa ku Tete amangokatcha alarme, koma ine, pochita manyazi ndi ukulu wake, ndidzakatcha a Kalonda.

Mfumu sitamandidwa osatchula kumene idachokera. Akuluakulu amene adaona masiku a Apwitikizi akumbukira bwino kantina ya nthawi ija: nsalu zonse zinali kuseri kwa thebulo lalitali, mwini sitolo ataimirira pakati pa iwe ndi katundu wake, iwe unkangoloza ndi chala, iye natsitsa mpukutu, nayesa mkwamba, nadula, ndipo dzanja lako linkakhudza nsaluyo ndalama zitalowa kale m'bokosi. M'masiku amenewo a Kalonda sakadapeza ntchito. Koma m'chaka cha 1916, mumzinda wa Memphis ku America, munthu wina dzina lake Clarence Saunders adatsegula sitolo ya zakudya yotchedwa Piggly Wiggly, m'mene ogula ankayenda okha pakati pa katundu, natola chimene mtima wafuna, nakalipira pakhomo potuluka. Ndipo amalonda a dziko lonse, ataona kuti munthu akagwira chinthu ndi dzanja lake mtima umavuta kuchisiya, adagumula thebulo lalitali lija nayala chuma chawo poyera. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Amalonda adakondwera ndi kugwa kwa pusi, koma posakhalitsa adazindikira kuti apusi ena amatuluka pakhomo osagwa, chovala chili m'kati mwa malaya. Zitapita zaka 50, m'chaka cha 1966, Arthur Minasy wa ku New York adatulukira kachipangizo komangirira pachovala kamene kankaliza belu pakhomo, nayambitsa kampani ya Knogo. M'chaka chomwecho Ronald Assaf, amene adatopa ndi mbala poyang'anira sitolo ku Akron, m'chigawo cha Ohio, adayamba ndi anzake ntchito imene idasanduka kampani ya Sensormatic. Tsono mayi wa a Kalonda ndi dyera la wogulitsa, bambo wawo ndi mantha a wogulitsa yemweyo, ndipo palibe mwana wa mfumu amene adabadwa m'banja logwirizana chotere.

Taonani tsono nzeru imene ili m'mimba mwawo. Kamsomali kowonda, kokhala ndi timizere, kamaboola nsalu n'kulowa m'kapulasitiki; m'katimo muli timipira tachitsulo tochepetsetsa, timene sipuling'i imatikankhira pakamsomaliko, kotero kuti pamene munthu akukoka mwamphamvu, ndi pamenenso timipirato tikufinya mwamphamvu, ndipo chimene chingawanyengerere kuti alekerere ndi maginito amphamvu okha, amene amakhala pathebulo la wolandira ndalama. Pakhomo pa sitolo paimirira mizati iwiri, nduna zawo za kumanja ndi kumanzere, zimene zimaitana mobwerezabwereza ndi mawu amene khutu la munthu silimva. M'mtundu wina wa a Kalonda muli timalata tiwiri topyapyala. Kuitana kuja kukafika, kamodzi mwa timalatato kamanjenjemera ka 58,000 pa sekondi imodzi, ndipo mizati ikakhala chete kamphindi, iko kamapitiriza kunjenjemera pang'ono, mizatiyo nimva, nikuwa. Mtundu wina uli ndi kawaya kozungulizidwa kamene kamayankha pa 8.2 MHz. Akani uja wa m'buku la Yoswa, amene adasirira chovala chokoma pa Yeriko nachikumbira pansi m'hema mwake, adavutitsa mtundu wonse: nkhondo ya ku Ai idawakanika, anthu adafa, ndipo kuti apezeke padafunika kusanthula fuko ndi fuko, banja ndi banja. Pakadakhala mizati iwiri pachipata cha Yeriko, mlandu wonsewo ukadatha dzuwa lisanapendeke.

Makhalidwe awo ndiwo oposa nzeru zawo. Mlonda wa thupi ndi mwazi amawodzera dzuwa la ku Tete likafika paliwombo. Amapempha tchuthi cha maliro a apongozi. Mwezi ukatha amafuna malipiro, ndipo akaona mwana wa mlongo wake akutuluka mimba itatupa modabwitsa, maso ake amayang'ana kudenga. A Kalonda alibe mlongo. Sadziwa mfunda wa munthu, safunsa ngati uli Phiri kapena Banda, salandira ya fanta, ndipo pamaso pawo bambo mfumu wa ku parishi, mkulu wa boma ndi mlimi wa fodya wochokera ku Mualadzi ali chimodzimodzi: onse ndi mbala kufikira atalipira. Andale akhala akutilonjeza kuyambira 1975 kuti anthu onse adzakhala olingana, ndipo ine, m'maulendo anga, malo amene ndidaona lonjezolo litakwaniritsidwa ndi pakati pa mizati iwiri ija, pamene aliyense amadutsa atagwira mpweya, ngakhale iye amene sadabepo ndi singano yomwe.

Ena adzati makolo athu anali nacho kale chinthu chotere, ndipo sakunama. Munthu akalima chimanga chake kapena nzimbe kudimba, ankapita kwa sing'anga kukatenga chambu natsirika munda, ndipo mbiri imati wakuba akalowa usiku ankazungulira m'mundamo osaona potulukira, kufikira mwini munda atamupeza m'mawa thumba lili pamutu. Koma chambu chinali ndi chofooka chimene a Kalonda adachigonjetsa: chinkasankha. Chinkasiya mwini munda, ana ake ndi mlendo wanjala wothyola nkhaka imodzi n'kudyera pomwepo, n'kugwira yekhayo wobwera ndi mtima wakuba. A Kalonda alibe tsankho lotere. Amakuwira wolakwa ndi wosalakwa ndi liwu limodzi, ndipo mayi amene wogulitsa adaiwala kumuchotsera, risiti ili m'manja, amaimitsidwa pakhomo, chikwama chake chikhuthulidwa pamaso pa anthu, matewera ndi mankhwala ake a kuchipatala ali mbwee pansi, khamu likusuzumira. Chimodzi chokha chimene chambu chimawaposa ndi chakuti sichinkadikira magetsi. Pakuti mizati ija, magetsi akathima, imasanduka mitengo wamba, ngakhale sitoloyo ili m'chigawo chomwe chino cha Cahora Bassa, kumene mphamvu yochuluka imakwera mawaya kunka ku South Africa ikutidutsa pamutu.

Palinso nthambi ina ya banja lachifumuli imene idaphuka ku Sweden m'zaka za m'ma 1980, imene sidalira magetsi kapena mizati. Iyi imabisa m'mimba mwake timabotolo tagalasi todzaza utoto wosachapika, ndipo munthu akaikakamiza ndi chitsulo, timabotoloto timasweka, chovala nichita mawanga osatha. Pa mlandu uja wa akazi awiri pamaso pa Solomo, tonse tidaphunzitsidwa kunyoza mkazi amene adavomera kuti mwana adulidwe pakati. A Kalonda a utoto adamva nkhani yomweyo natenga mbali ya mkaziyo, ndipo amalonda a dziko lonse adawaombera m'manja.

Kuno kwathu ulemerero wawo tidauona ndi maso pa mkulu wina wa mudzi woyandikana nafe, munthu wa tchalitchi, amene atagulitsa fodya wake adakwera minibasi, ija timati chapa, pamsewu wochokera ku Cassacatiza, natsika ulendo wautali uja kukaoloka Zambezi, kuti akagule jekete lovala pa ukwati wa mwana wake. Adalipira ndalama zonse. Mtsikana wa pathebulo adachotsa a Kalonda a pamkono, osadziwa kuti ena adabisala m'kati, chakumkhwapa; mizati tsiku limenelo inali chete; ndipo mkuluyo adafika kumudzi usiku, fumbi lili m'mutu, wokondwa. Adatulukira ndi akazi awo kutacha, pofuna kusita. Risiti idafunidwa m'matumba onse, kufikira mkuluyo adakumbukira kuti panjira, chapa itaima, adaipichiramo chingambwe nasuta. Ndalama ya ulendo wobwerera ku Tete ndi kubwerako inali yoposa mtengo wa jeketelo, ndiponso munthu wopanda risiti akalowa m'sitolo atanyamula chovala chokhala ndi a Kalonda, mizati idzamulonjera asananene ndi liwu limodzi. Tsono akuluakulu a banja adakhala upo, nagamula kuti jekete livalidwe momwemo, koma mkono wakumanzere usakwezedwe.

Tsiku la ukwati mkuluyo adakhala tsonga, chigongono chitamatirira kunthiti; popereka moni ankaweramitsa mutu osatambasula manja onse, pa perekaniperekani ankaponya ndalama ndi dzanja limodzi, ndipo amayi a kuchimuna ankanong'onezana kuti sadaonepo bambo wa mkwatibwi waulemu ndi wodekha chotere. Koma ng'oma itakoma, thupi lidaiwala chigamulo cha upo. Mkono udakwera, jekete lidatseguka, ndipo mnyamata wina amene adagwirapo ntchito ku Joni adaona, nazindikira, nauza mnzake. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unkadziwa kuti jekete la bambo wa mkwatibwi n'lobedwa. Mawa lake adapita nalo kwa wokonza njinga, amene adaliyang'ana mbali zonse, nati, "Aka n'kochepa, bambo, ndamasulapo zolimba kuposa apa," nagwira pulayala. Ndipo zimene zidatsatira mungazione mpaka lero, pakuti jeketelo amavala popita kuchigafa, banga lobiriwira litayambira kumkhwapa kutsikira kuthumba. Ndani wina mwa mafumu a dziko lapansi angalange munthu wosalakwa kutali chotere, osatuma ndi msilikali mmodzi yemwe?

Pano wina wa mtima wouma adzafunsa kuti nanga mbala zenizeni zimagwidwa zingati, popeza odziwa ntchitoyo amayenda ndi maginito awoawo m'thumba, ena ali ndi zikwama zimene kuitana kwa mizati sikulowamo, ndipo katundu wambiri amatulukira khomo lakuseri, kumene kulibe mizati, atanyamulidwa ndi manja omwe aja amene amamangirira a Kalonda m'mawa. Ine ndiyankha kuti apa ndiye pali ulemu wawo waukulu, ndiwo kudziwa malire a udindo. Wopusa adaomba ng'oma, wochenjera navina. A Kalonda amagwira mwana wa sukulu amene wasirira masokosi, namusiya katswiri adutse mwamtendere, pakuti mfumu yanzeru siyambana ndi amphamvu. M'zaka za 2013 ndi 2014 dziko lathu lidakongozedwa mobisa ndalama zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni, nkhaniyo n'kudzaululika mu 2016, metikali nigwa, mitengo ya sopo ndi mchere nikwera kufikira kuno ku Nsadzo. Ndipo panthawi yonseyo palibe mzati ndi umodzi umene udakuwa. Magalimoto odzaza zipika za mitengo ya m'nkhalango zathu amatsika msewu womwe uja adatsika mkulu wa jekete, ndipo palibe chipika chimene chidamangidwa kapulasitiki. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo a Kalonda, pokhala oleredwa bwino, mwambi umenewu adaumva ali aang'ono.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti kwathu kuno sadamangepo likulu. Zaka za masitolo a boma otchedwa Lojas do Povo sakadapeza chomangirirapo, pakuti mashelefu anali mbee. Zaka za nkhondo, pamene anthu a dera lino ankathawira ku Zambia ndi ku Malawi, ena atavala masaka, wakuba zovala akadaba chiyani? Mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 udatibweretsera mabelo a kaunjika, amene azibale athu a kutsidya amati salaula, ndipo pamsika wathu belo likadulidwa zingwe, amayi amalowetsa manja kufikira m'zigongono, wina akoka mkono wa juzi wina akoka unzake, mwini belo atakhala pampando, diso lina kundalama, lina kumanja a anthu, mwana wake ataimirira kuseri kwa khamu. Wotola kabudula mosalipira amadziwika ndi dzina la amake, ndipo mlandu wake umathera kwa anyakwawa ndi nkhuku, mwina mbuzi. Pamalo otere, pamene kabudula wa mwana mtengo wake sungapose mtengo wa kapulasitiki komulondera, a Kalonda angachite manyazi kukhalapo.

Tsono popeza iwo sabwera kwa ife koma mwangozi, ife ndife tiyenera kupita kukawalamba kwawo, ndipo mwambo wake ndi uwu. Inu amene mudzatsike ku Tete kapena kuolokera ku Chipata fodya akagulidwa, mukalipira musafulumire kunyamuka, ngakhale a kumbuyo kwanu ang'ung'udze, tembenuzani chovalacho kunja kukhale m'kati, papasani m'makhwapa, m'matumba ndi m'mipendero monse, ndipo mukawapeza muuze mtsikana wa pathebulo mwaulemu kuti, "Achemwali, agogo awa atsale konkuno." Risiti muipinde muisunge m'Baibulo kapena m'chipewa, ndipo pepala lopichira fodya mutenge lina pochoka kunyumba.