Mmene Mungasankhire Kokaphunzira Kusagona

Mwamaliza sukulu ya udokotala ku America, ngongole ya fizi yafika m'khosi, ndipo mwatsimikiza mtima kuti ntchito yanu idzakhala yolandira angozi ndi odwala mwadzidzidzi. Mwachita bwino adokotala. Chatsala n'kusankha kokachita residency, zaka zija dokotala watsopano amaphunzira uku akukhetsa thukuta pamalipiro ochepa. Musataye nthawi kufunsa amene anadutsamo, ndi anthu otopa amenewo. Mverani ine.

Yambani ndi helikopita. Chipatala chikakhala nayo, chilembeni pamwamba, zina zonse n'zocheza. Kenako onerani masewero a pa TV a ER ndi The Pitt usiku wonse, mudziuze kuti mukuchita kafukufuku. Mukatero mudzakhulupirira kuti tsiku lililonse muzidzang'amba chifuwa cha munthu wowomberedwa n'kugwira mtima wake ndi dzanja. Asakusokonezeni anamwino okuuzani kuti ambiri obwera pakhomo la angozi ndi am'mimba, opweteka pachifuwa, ana otentha thupi, agogo ogwa kubafa ndi bambo woledzera yemwe aliyense amam'dziwa dzina. Lamulo la EMTALA la 1986 limati aliyense wofika pakhomo limeneli apimidwe, kaya ali ndi ndalama kaya alibe, choncho onse osowa kolowera amathera kwa inu. Koma zimenezo sizikoma pa kanema, zisiyeni.

Kwina maphunzirowa ndi a zaka zitatu, kwina zinayi, ndipo onse amakalemba mayeso amodzi omwewo. Sankhani kulikonse, bola mukumbukire kunyoza anzanuwo moyo wanu wonse. Wa zaka zinayi azinena kuti enawo anatuluka osapsa. Wa zitatu aziwerengera mokweza malipiro a chaka chathunthu amene mnzake anataya.

Tsopano intavyu, imene chiyambire mliri wa Covid-19 yambiri imachitikira pa kompyuta. Valani jekete kumtunda, kumunsi zili kwa inu. Chipatala chilichonse chidzakuuzani kuti "kuno timakhala ngati banja". Khulupirirani zonse, ngakhale zitakhala khumi ndi ziwiri. Funsani za chakudya chaulere ndi poimika galimoto. Musayerekeze kufunsa kuti ikakwana 3 koloko usiku, chubu chopumira chikukana kulowa pammero pa wodwala, dokotala wamkulu amakhala pambali panu kapena mumachita kum'saka. Musafunse kuti odwala angati amagona pamachira m'makolido masiku awiri kudikira bedi kuwodi, kapena kuti ophunzira angati anasiyira panjira, kapena kuti madokotala okuphunzitsani analembedwa ndi yunivesite kapena ndi kampani yowerenga odwala pa ola. Mafunso otere amaonetsa kuti mulibe mwambo. Akakuuzani kuti bungwe loyang'anira maphunzirowa la ACGME limaletsa shifiti yopitirira maola 12, ombani m'manja. Zoti Lolemba mugwira m'mawa, Lachitatu madzulo, Lachisanu usiku, thupi osadziwanso kuti kwacha kapena kwada, mukazionera konko.

Tsatiraninso chigulu. Mu 2021 kafukufuku wina analosera kuti pofika 2030 madokotala a ntchitoyi adzachuluka kuposa ntchito ndi pafupifupi 8,000. Achinyamata anathawa, moti mu 2023 malo oposa 550 anatsala opanda munthu pa chisankho choyamba. Chaka chotsatira ambiri anabwerera. Inunso muzitero: akathawa thawani, akabwerera bwererani.

Pomaliza pake nkhoswe ya ukwati wa inu ndi chipatala ndi kompyuta. Inu mumalemba zipatala motsatana mmene mukuzifunira, zipatala nazo zimalemba anthu, kompyuta ya bungwe la NRMP n'kukulumikizani, ndipo ikatero palibe kubweza mawu. Njirayi anaikonza kuti wolemba zoona za mumtima mwake asaluze kanthu, ndipo Alvin Roth, amene anaikonzanso m'zaka za m'ma 1990, analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Nanga Nobel n'chiyani pamaso panu? Ichenjerereni. Kumene mukukufuna kuikeni pa nambala 4 poopa kuti sakutengani, pamwamba muike kumene anakulemberani kakalata kokoma koti munawasangalatsa kwambiri. Anzanu ena onse analandiranso kakalata komweko, koma inu ndinu apadera.

Mwezi wa March ukafika, Lolemba adzakuuzani ngati mwapeza malo, Lachisanu adzakuuzani kuti ndi kuti. Mukatsegula envelopu n'kupeza chipatala chimene munachiika pa nambala 7, mumzinda woti simungauloze pamapu, kuwani mwachimwemwe, kamera ikukuonani. Lembani pa Instagram kuti n'kumene munkakulota kuyambira muli mwana. Helikopita kulibe, koma akuti kantini imatseka 7 koloko madzulo, ola lomwe shifiti yanu ikuyamba.