Tsokonombwe wa ku mwezi

Mwana wa mlongo wanga, amene ali Fomu 1, adalengeza tsiku lina tili pa nsima kuti akadzakula adzapita kumwamba. Agogo ake adabweza mbamu m'mbale. "Mwanawe, walota chiyani? Kumwamba tonse tidzapita, koma sathamangirako." Zidatitengera nthawi kuwamasulira kuti mdzukulu wawoyo sakutsanzika, akunena za maroketi ndi ntchito ya asayansi ofufuza zam'mlengalenga. Atamvetsa adangoti, "Oo. Ayambe wakatunga madzi."

Ine monga malume wake ndidapempha lipoti la kusukulu. Pa masamu aphunzitsi adalemba ndi cholembera chofiira, mokanikiza ndithu. Mwiniwake adati, "Amalume, masamu n'ngotopetsa, ine ndikufuna roketi."

Akale adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Sankadziwa kuti akulosera. Mu 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin atatera pa mwezi, kuyenda kwa masiku onse kudavuta. Mphamvu yokokera zinthu pansi kumeneko ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 6 a ya kuno, ndipo zovala zawo zinali zouma gwa ngati chikumba. Abambo ophunzira, a maina awo, adayamba kujowajowa dziko lonse likuonerera pa kanema. Amerika idataya mabiliyoni a madola kuti itsimikize mwambi umene agogo amaupereka ulere.

Vuto la ana athu n'lakuti safuna kukhala tsokonombwe. Akufuna kukhala dzombe: kungoti pururu, wafika. Koma mwezi uli pa mtunda wa makilomita oposa 380,000, ndipo amene adayesapo kuudumpha kamodzi timamudziwa. Ku Zambia mu 1964, Edward Makuka Nkoloso, amene adali mphunzitsi wa sayansi, adalengeza kuti dziko lake lipitirira Amerika ndi Russia. Ophunzira ake ankawalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pa chitunda kuti azolowere chizungulire cha m'mlengalenga. Pa ulendo wa ku Mars adakonza zotumiza mtsikana ndi amphaka. Adapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni, ndalamazo sizidabwere. Ine mkuluyu sindimuseka kwambiri. Kulota adalota, pa nthawi imene ambiri ankati munthu wakuda za kumwamba azingozimva ku tchalitchi. Chimene chidasowa ndi madumpho apakatiwa.

Tsono mverani, inu a Fomu 1 ndi Fomu 2. Anthu amene adapondapo mwezi ndi 12 okha, onse pakati pa 1969 ndi 1972. Amene adagwira ntchito kuti iwo afikeko adali pafupifupi 400,000: owerengetsa, mainjiniya, olemba mapulogalamu a kompyuta, ngakhale amayi osoka zovala zija. Katherine Johnson ankawerengetsa njira za maroketi ndi pensulo, ndipo mu 1962 John Glenn adafuna kuti mayiyu ayambe watsimikiza manambala a kompyuta iye asadakwere. Mpando wa mayi Johnson sudachokepo pansi. Wasayansi wa zam'mlengalenga nthawi zambiri ndi munthu wa pa desiki, wa tiyi wozizira, wolimbana ndi masamu omwe aja mwana wathu akuti n'ngotopetsa.

Za okwerawo ndidamuuzanso zoona. Mu 2021 NASA idasankha anthu 10 pa ofunsira oposa 12,000, ndipo imatenga nzika za Amerika zokha. Okhala mu International Space Station, makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu, amazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse, ndipo madzi amene amamwa ena ndi mkodzo wawo womwe, wosefedwa ndi makina. Apa mnyamata adayang'ana kapu yake nthawi yaitali.

Madumpho ake ndi osanyaditsa. Loyamba ndi masamu a mawa m'mawa. Kenako physics, chemistry, ndi Chingerezi chowerengera mabuku, osati cha pa TikTok. Kenako MSCE yokhoza bwino, kuti ukachite physics ku University of Malawi ku Zomba, uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre, kapena sayansi ku MUST ku Thyolo. Ukatero mpamene umayamba kusuzumira kunja, ndipo sikuti mpaka ku Amerika. Ku Karoo ku South Africa kuli MeerKAT, madishi 64 akuluakulu otchera khutu ku nyenyezi, amene adatsegulidwa mu 2018. Chaka chomwecho Kenya idaponya setilaiti yake yoyamba, kabokosi ka masentimita 10 mbali iliyonse, koti mayi akhoza kukasokoneza ndi ka machesi a pa golosale. Zimbabwe nayo idaponya ZimSat-1 mu 2022. Atsokonombwe anzathu ali kale panjira.

Agogo adafunsa funso lawo la nthawi zonse: "Nanga zimenezo amadya?" Ndidawakumbutsa namondwe wa Freddy wa mu 2023. Amene adamuona akadali pakati pa nyanja ya mchere, masiku ambiri asadafike kuno, ndi masetilaiti, ndipo zanyengo zimene iwo amamvera pa wailesi asadabzale zimachokera komweko. Adavomera ndi mutu, koma mosakondwa, ngati munthu amene wagonja pa bawo.

Dumpho lina n'laulere. Magetsi akazima, ena akutukwana, tulukani panja muyang'ane kumwamba. Anzanu a ku London amalipira ulendo kuti akapeze mdima ngati wathuwu. Nthanda imene amayi amadzukira popita kumunda si nyenyezi konse, ndi pulaneti Venus. Mukadziwa chifukwa chake imaoneka m'bandakucha kapena madzulo okha, osati pakati pa usiku, mwadumpha kale kamtunda. Koma homuweki muzilemba kudakali kowala, poti mwezi satungira mkanda.

Mnyamata wathu tsopano ali pa mafulakishoni. Dzulo ndidamupeza pakhonde akuluma pensulo, ndowa imene amavala kumutu ngati chisoti cha roketi ili pambali, agogo atathiramo kale madeya a nkhuku. Mayeso a masamu alemba Lachiwiri.