Kapulagi kanzeru kandilanda ufumu

Amati munthu wofuna kuti nyumba yake izidziyendetsa yokha ayambire pa kanthu kakang'ono kotchedwa smart plug. Sikalira mmisiri wa magetsi, sikalira kugumula khoma. Mumangokabaya pa soketi, n'kubayapo fani kapena nyale, basi mwayamba kuyatsa ndi kuzimitsa pa foni, kaya muli pabedi kaya muli m'minibasi ya ku Limbe. Mukhozanso kukauza kuti kaziyatsa nyale 6 koloko madzulo n'kuzimitsa 10 koloko usiku. Kwa ine amene kudzuka pampando ndimakuwerengera ngati ganyu, umenewu unali uthenga wabwino.

Kanga ananditumizira ndi alamu anga a ku Johannesburg. Anaiwala kuti kwawoko mapini a pulagi ndi obulungira, pomwe masoketi athu ndi a mapini amakona ngati a ku Britain. Ndiye panalowa adaputa, pa adaputa kapulagi, pa kapulagi chingwe cha fani, mtolo wonsewo uli lende pakhoma.

Kenako kanafuna Wi-Fi, ndipo kamasankha: ya 2.4 GHz yokha, ya 5 GHz sikaidziwa. Izi anandimasulira ndi mwana wanga wa Fomu 2 ndi mawu aulemu kwambiri, ulemu wopweteka uja. Wi-Fi ya m'nyumba mwathu inali hotspot ya foni yanga, kutanthauza kuti ndikatuluka pakhomo intaneti imatuluka nane, kapulagi n'kutsala kali phethiphethi, kosamva za munthu. Kuti ndizikalamula ndili kutali ndinagula MiFi, ndipo MiFi imadya bandulo. Magetsi akazima, nzeru zake zonse zimazima nawo limodzi, koma tizisiye zimenezo.

Funso linali lakuti ndibayepo chiyani. Firiji sazimitsa, pokhapokha ngati mwadana ndi ndiwo zanu. Simbi yoyaka yokha kulibe munthu, ngakhale ine ndinaona kuti ndi njira yachidule yowotchera nyumba ya eni ake. Kapulagi kanga kanalembedwa 10 amps, ndipo pa magetsi athu a 230 volts ndiye kuti kamanyamula ma watts 2,300, kotero chitofu cha ovuni n'chosayerekeza. Mbaula ya makala ilibe chingwe. TV ukaipatsa moto pa foni imangoonetsa kanyale kofiira n'kumadikirabe rimoti. Kuizimitsa kokha ndiye sikuvuta.

Chimene chinandikoka mtima n'chakuti kanga ndi ka mtundu wowerenga magetsi amene chipangizo chadya. Pakhomo pathu mlandu wa mayunitsi ndi wakale. Mita ikayamba kulira, ndimaitanitsa bwalo, woweruza ndine, mboni ndine, ndipo olakwa amakhala omwewo: ana ndi matchaja awo, amayi ndi mafilimu awo a ku Nigeria. Tsopano ndinali ndi wapolisi.

Ndinayamba ndi tchaja. Inadya pang'ono, osafika ngakhale ma watts 20. Nyale ya LED, 10. Mwana uja anawerengera mokweza, mosapemphedwa, kuti yunitsi imodzi ndi ma watts 1,000 kwa ola lathunthu, choncho nyaleyo iyenera kuyaka maola 100 kuti imalize yunitsi. TV inadyako, koma mwaulemu.

"Abambo, tayesani ketulo yanu ija," anatero amayi, maso ali pa nyemba zimene amasankha.

Ketuloyo ndi ya ma watts 2,000. Theka la ola, yunitsi yapita. Ndipo ndani amene amawiritsa madzi osamba m'ketulo mobwerezabwereza mpaka ndowa idzadze, chifukwa akuti madzi a pambaula amanunkha utsi? Ndani amawiritsa ketulo yodzadza kuti amwe kapu imodzi ya tiyi, n'kuiwala, n'kuwiritsanso? Bwalo linabalalika popanda chigamulo. Woweruza anati ali ndi kamsonkhano kumpingo.

Ndinaganiza zokabwezera m'katoni mwake, koma ndinachedwa. Mwana uja anali ataika kale pulogalamu yake pa foni ya amayi ake, poti kapulagi kamodzi kamalola mabwana angapo, ndipo kanasamutsidwira kuseri kwa TV. Lamlungu lapitali amayi anali ku Ntcheu kokaona agogo a ana, ine ndili ndi anzanga pabalaza, Bullets ndi Wanderers zili pa moto. Mpira utangofika pakamwa pa golo, TV inati zii. Tinatukwana magetsi monga mwa mwambo, mpaka wina anaona kuti nyale ikuyaka. Foni yanga inalira, uthenga wochokera ku Ntcheu: "Abambo, zovala za ana za kusukulu mwaanula?"

Ndinali ndisanaanule, ndipo anzanga anandithandiza kunyamula beseni.