Ulemu kwa agogo a pakona

Anthu atamanda foni, atamanda kompyuta, ena afika potamanda timahedifoni tosochera m'thumba la malaya. Koma sindinamvepo munthu ataimirira pagulu n'kunena zabwino za sabuwufa wakale, chibokosi chakuda chija chokhala pakona pabalaza, chimene kuchisuntha kwake n'kuitana anyamata awiri. Kusayamika kumeneku kuthe lero. Ndipo poti ndi wamkulu, wopangidwa ambiri a inu musanabadwe, ndimutchula mwaulemu wake: agogo.

Ukulu wa agogo wagona pa kuchepa kwa ntchito yawo. Khutu la munthu limamva mpweya ukamanjenjemera kuyambira ka 20 pa sekondi mpaka ka 20,000. Pa mtunda wonsewo agogo anangodulapo kachigawo ka pansi penipeni, kuyambira pa 20 kulekeza cha pa 80 kapena kupitirirako pang'ono, n'kunena kuti zotsalazo agwire ana. Mawu a woimba sawadziwa. Malipenga, gitala wa lidi, m'manja mwa kwaya, alibe nazo gawo. Mukazimitsa masipika ena n'kuwasiya okha, nyimbo iliyonse, ya kutchalitchi kaya ya kubala, imamveka chimodzimodzi: duu, duu, duu. Ndani winanso analembedwa ntchito yong'ung'udza basi, n'kupatsidwa ampulifaya wakewake, soketi yakeyake ndi malo oposa a aliyense m'nyumba?

Mtundu wawo ndi wa ku America, ndipo mbiri yake si yochititsa manyazi. Mu 1964 Raymon Dones wa ku El Cerrito, m'chigawo cha California, analandira chiphaso cha umwini pa bokosi longowonjezera bezi pa choimbira cha m'nyumba. Koma dziko linawadziwa bwino mu 1974, itatuluka filimu ya Earthquake. Kampani ya Universal inaika m'nyumba zoonetsera mafilimu zimasipika za Cerwin-Vega zoti zizigwedeza mipando chivomezi chikayamba pa kanema. Ku Chinese Theatre ku Hollywood pulasitala anayamba kuyoyoka kudenga, mpaka eni ake anatchera ukonde pamwamba pa mitu ya anthu. Chida china chikagwetsa denga timachibweza kusitolo, koma filimu imeneyi inalandira mphoto ya Oscar chifukwa cha mawu ake. Mu 1983 David Hall anayambitsa kampani ya Velodyne, n'kumamata kachipangizo pa koni ya sipika koti kaziuza ampulifaya koniyo ikayamba kusokera. Patapita zaka, bambo yemweyu anatchuka ndi makina a lidar othandiza galimoto kuyenda popanda dalaivala. Sindidabwa. Amene watha kulamulira sabuwufa, galimoto ingamuvute chiyani?

Koma chimene ndimawakondera kwambiri agogo ndi matenda awo. Mukachotsa kansalu ka kutsogolo mumaona koni, chipepala cholimba cholowa m'kati, ndipo m'mphepete mwake muli mkombero wofewa woilumikiza ku felemu yachitsulo. Edgar Villchur anasonyeza mu 1954 kuti mpweya wotsekeredwa m'bokosi ungagwire ntchito ya sipuling'i, bola mkomberowo ukhale wofewa kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 makampani ambiri ankaupanga ndi siponji ya polyurethane. Siponji imeneyi imadyedwa ndi chinyezi cha mumpweya. Zaka zikakwana 15 kapena 20 imaola, kaya mumaimba usiku ndi usana, kaya munavundikira nsalu n'kumangopukuta fumbi Loweruka. Chilungamo chotere n'chosowa. Wosamala ndi wosasamala amalandira chimodzimodzi, ndipo bokosi la makilogalamu ochuluka, la maginito otha kukoka sipanala m'dzanja, limagonja chifukwa cha kalamba kopepuka kuposa envelopu. Mukakakhudza ndi chala kamafumbutuka ngati chigumu chogonetsa, n'kukusiyirani phala lakuda lomata pachikhadabo.

Apa ndiye agogo amatsegula sukulu yawo, yopanda fizi koma yodula. Phunziro loyamba ndi kupala. Mumatenga lezala ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti n'kuchotsa guluu wakale pa felemu ndi m'mphepete mwa koni, pang'onopang'ono, poti dzanja likaterereka mwang'amba pepala limene kampani yake mwina inatsekedwa kalekale. Mwamuna amene sanatsukepo mbale chikwatirireni mumupeza atawerama madzulo onse, lilime lili panja, akupukuta mkombero wachitsulo mpaka kuwala. Amayi akunyumba amadutsa, amayang'ana, osanena kanthu.

Phunziro lachiwiri ndi lofatsitsa mtima. Kumbuyo kwa koni kuli koyilo ya waya wopyapyala, imene imalowa ndi kutuluka mumpata wa maginito, ndipo malo otsala pakati pa koyiloyo ndi chitsulo sakwana milimita imodzi. Mukamata siponji yatsopano mokhota pang'ono chabe, koyilo imakhula chitsulo, ndipo bezi iliyonse imabwera ndi kakwee-kwee kake. Amisiri enieni amadula kachipewa ka pakati pa koni, n'kulowetsa timapepala tapulasitiki kuzungulira koyilo kuti ikhale pakatikati guluu akamauma. Ofulumira amangokankha koni ndi zala mofanana mbali zonse, khutu lili pafupi, kumvetsera ngati ikukanda. Kenako kudikira usiku wonse. M'mawa mumagunditsa batire la tochi la mavoti 1.5 pa mawaya, koni n'kudumphira kutsogolo kamodzi, thu. Ndaona anthu aulemu wawo, a ndevu zaimvi, akusekerera kaphokoso kameneka ngati alandira malipiro.

Musaganize kuti agogo akhutira. Wodwala wanzeru sauza dokotala matenda onse tsiku limodzi. Mukabwezera sipika m'bokosi n'kuyatsa, amayamba kuimba okha, popanda nyimbo: mmmm, osapuma. Awa ndi makapasita a mu ampulifaya, timigolo tija tosalaza magetsi. Madzi a m'kati mwake auma ndi kutentha kwa zaka zambiri, ena atupa pamutu, ndipo magetsi athu a 50 Hz akudutsa osasalazidwa n'kumveka pa 100 Hz. Ena amati kumeneku n'kuwonongeka. Ine ndimati ndi khama: wantchito amene sadikira kutumidwa. Pa bolodi mupezanso guluu wachikasu amene fakitale inamatira zipangizo kuti zisagwedere. Wapsa n'kuda, wayamba kudya miyendo ya zipangizo ndi kudutsitsa magetsi pomwe sayenera kudutsa. Ndipo makapasita aakulu aja amatha kusunga moto ngakhale mutazula pulagi, choncho wolowetsa chala mopupuluma amalandira moni amene sadzamuiwala. Agogo safuna kugwidwa mwachipongwe.

Amaphunzitsanso kuwerenga. Ambiri mwa iwo anafika kuno atagwira kale ntchito kwina, m'makontena a katundu wakale kapena m'chikwama cha mbale wochokera kunja. Wochokera ku Britain kapena ku Joni savuta. Wa ku America anazolowera mavoti 120, wa ku Japan 100, pamene soketi yathu imapereka 230. Zonsezi zinalembedwa kumbuyo, m'zilembo zing'onozing'ono pafupi ndi chingwe. Wosawerenga amamva agogo akulankhula kamodzi kokha, mwamphamvu, kenako kautsi konunkha. Ngati fyuzi inali yeniyeni, ndiye yapsa yokha. Ngati mwini wakale anaikapo waya wa kopa m'malo mwa fyuzi, monga achitira akatswiri ena, pitani mukafunse mtengo wa thiransifoma.

Za kuolowa manja kwawo ndingonena mwachidule, poti aneba anganene bwino kuposa ine. Funde la mawu a 40 Hz ndi lotalika mamita oposa 8, ndipo khoma la njerwa limene limatsekereza mawu a woimba silitha kuliletsa. Nyimbo mumagula ndinu, bezi amamva ndi mdadada wonse, ulere. M'bowo lotulukira mpweya agogo amasunganso alendo: makoswe amapeza thonje la m'kati litayalidwa kale, ndipo mphemvu zimakonda kufunda kwa ampulifaya.

Pali ena amene amati kukonza sikukwanira, agogo akwezedwe. Amagula sipika yatsopano ya mawati ochuluka n'kuikakamiza m'bokosi lakale. Neville Thiele ndi Richard Small, akatswiri amene ankagwira ntchito ku Australia, anaonetsa ndi masamu kalekale kuti sipika ndi bokosi zimayenera kuyezerana, kukula kwa bokosi ndi kutalika kwa bowo lake zigwirizane ndi kulemera ndi kufewa kwa koni. Sipika yachilendo imangobuula pa noti imodzi. Ndiye mwini amasintha ampulifaya. Kenako amapita kwa kalipentala kukakhomesa bokosi lina, poti lakale linali la timatabwa ta utuchi tomwe tinafufuma ndi madzi okolopa. Pomaliza chakale chimene chatsala ndi kachizindikiro ka kampani kokha, komatidwa kutsogolo mosamala, ndipo ndalama zimene zapita zikanagula watsopano ndi chenji chomwe. Mukamufunsa amati, "Zamasiku ano sizilira chonchi, achimwene." Amanena zoona.

Ulemu womaliza agogo amaulandira tsiku lowapezera malo. M'chipinda mafunde a bezi amawombana ndi makoma, pena n'kuwonjezerana, pena n'kufafanizana, moti nthawi zambiri pampando wa bambo ndi pamene sipamveka kanthu, pamene kuchipinda kwa ana mawindo akunjenjemera. Akatswiri ali ndi njira yake, ndipo sindikupeka. Mumanyamula sabuwufa n'kumukhazika pampando wanu weniweniwo, kuyatsa nyimbo, inu n'kugwada pansi n'kumakwawa m'mbali mwa makoma, khutu lili pafupi ndi simenti, kufunafuna pomwe bezi ikumveka bwino. Pamenepo ndi pamene agogo ayenera kukhala. Ana amaonerera pakhomo, mlendo akagogoda amapeza mwini nyumba ali chokwawa kuseri kwa sofa. Ndipo malo abwinowo akapezeka, kawirikawiri amakhala pamene pali kabati ya mbale za alendo, imene amayi ananena kale kuti sisuntha.