Mutu Umodzi Susenza Denga, Ngakhale Uli ndi Bandulo

Makolo ponena kuti mutu umodzi susenza denga sankaphiphiritsa kwenikweni. Denga la nkhokwe ankalimangira pansi. Likatha ankaitana amuna a m'mudzi, aliyense n'kulowetsa mutu kunsi kwake, "tiyeni nalo!", mpaka likakhale pamwamba. Malipiro ake chinali chipanda cha masese.

Lero mwambiwu wakumana ndi bambo wa foni. Mtanda wa pabalaza wapindika, siling'i yachita mimba, mayi akhala akudandaula kuyambira dzinja lathali. Bambo agula bandulo, aonera mzungu wa pa YouTube akusintha mtanda m'kanthawi kochepa, basi alengeza kuti akalipentala onse ndi akuba. Sanaone kuti mzunguyo anachirikiza denga ndi majeke achitsulo. Iwo ali ndi mpando wogwedera, hamala yobwereka ndi mwana wa Sitandade 5 wogwira tochi.

Amene amausunga mwambiwu ndi chiswe, chifukwa sichibwera chokha. Chimakwera khoma m'kanjira kake kadothi, kuseri kwa kabati, n'kudya thabwa m'kati kusiya khungu. Kuliona ndi maso lili bwinobwino, koma tangolibayani ndi sikuludiraiva, ilowa mpaka chigwiriro. Pena si chiswe ayi, ndi madzi odzera pabowo la msomali wa malata, chaka ndi chaka kudonthera pamodzimodzi. Kuika thabwa latsopano osatseka bowolo n'kungoigulira mvula ndiwo zina.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba waimika nsichi za bulugamu uku ndi uku kuti denga lipeze potsamira. Akatero m'pamene amachotsa choolacho, kapena kukhomerera thabwa lina m'mbali mwa lakalelo, lalitali kupitirira pamene paola. Thabwalo likhale louma ndi lopakidwa mankhwala a chiswe. Ambiri amangopaka oilo wakuda wa galimoto, nyumba n'kumanunkha ngati galaja mpaka alendo kufunsa ngati mwayamba bizinesi. Nanga mtengo wa matabwawo! Paini wa ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inadzalidwira fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe n'komwe, anachepa ndi moto ndi macheka. Wogulitsa akakutchulira mtengo umayamba wakhala pansi, iye ali kalikiliki kulumbira kuti thabwalo n'louma, utomoni ukukumata m'manja.

Mitu yokha ndiye ilipo, musadandaule. Mukangotsamiritsa makwerero, aneba atulukira. Kungoti mitu ya masiku ano imabwera ndi maganizo, khosi imasiya kunyumba. Uyu akuti yambirani kumanzere, uyo akuti mlamu wake ku Joni anaika zachitsulo, winayo akujambula kuti aponye pagulu la WhatsApp. Mukangoti "achimwene, tagwirani uku," aliyense adokotala anamuletsa kunyamula zolemera. Wosenza amakhala mnyamata waganyu, amene watchuliratu mtengo wake, n'kuonjezera kuti nsima ya masana njapadera.