Hosipawa za alamu anga

Pali matenda amene amagwira amuna okhaokha, ndipo amayamba tsiku limene mnzako wakupitirira pa liwiro. Pamsewu amagwira oyendetsa minibasi, m'tauni amagwira akabaza, koma panyanja ndi pamene amafika pa mwana wakana phala.

Anthu akamabwera kuchokera ku Joni amanyamula firiji ndi mabulangete. Alamu anga anabweretsa boti la fayiba, lakale ndithu, lili ndi injini ya Yamaha ya hosipawa 40 kumbuyo. Si la usodzi ayi. Ntchito yake ndi kuzungulira chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, kuponyera nkhwazi nsomba, kujambulitsa, n'kubwerera. Ine ndili ndi gawo m'botimo chifukwa ndinagula matayala a ngolo yokokera, komanso zigubu za petulo zimagona kuseri kwa nyumba yanga ku Mangochi. Udindo wanga ndi wachiwiri kwa kaputeni. Kusambira sinditha.

Tinkakhala mwamtendere mpaka Loweruka lina pamene boti la loji ina linatidutsa, alendo ali m'menemo akutibayibitsa, mafunde ake n'kutithira madzi m'mbale ya chambo chootcha. Alamu sanadye usiku umenewo. M'mawa anaitanitsa msonkhano wa eni magawo onse, kutanthauza iwo ndi ine. Mutu unali umodzi: injini ikwere kufika pa 60.

Tinapita kwa makaniko wina ku Monkey Bay, bambo amene wakalambira m'mainjini a asodzi. Anatimvetsera akupukuta manja, kenako anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pamchenga.

"Mabwana, boti likadzuka n'kumathamanga pamwamba pa madzi, liwiro silikwera mofanana ndi mphamvu. Mukawirikiza mphamvu kawiri, liwiro limangoonjezereka ndi 40 pa 100 aliwonse. Kuchoka pa 40 kufika pa 60, mwina mupeza 22 pa 100."

Masamu ndinawasiya kalekale, koma pakakhala ndalama zanga amabwerera okha. Tiyerekeze kuti boti likuyenda makilomita 35 pa ola. Ndi injini yatsopanoyo lizifika pa 43. Pa kilomita iliyonse tizipulumutsa masekondi osakwana 20. Ndinafunsa alamu kuti masekondi amenewa tizikachita nawo chiyani ku Thumbi, poti kulibe ofesi, kulibe maliro, ndipo nkhwazi siziweruka. Anandiyang'ana ngati ndatukwana malemu agogo awo.

Makaniko uja anapitiriza. Injini ya 40 ukaitsegula yonse imamwa malita 15 kapena kuposerapo pa ola. Ya 60 imadutsa malita 22, osawerengera oyilo wosakaniza mu petulo. Pamenepa ndinamva kuwawa m'msana, chifukwa petulo akasowa, amene amagona pamzere ndi wachiwiri kwa kaputeni. Za mtengo wa injiniyo sindinena, ana amawerenga nyuzi ino. Mungokumbukira kuti mainjini amagulidwa kunja, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Alamu anadandaula kuti botili linkathamanga bwino ali nalo ku Durban, ndiye mwina wina anabapo kanthu panjira. Makaniko anaseka. Nyanja ya Malawi ili pamalo okwera mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 ukakwera mamita 300 aliwonse, chifukwa mpweya umapepuka. Hosipawa ziwiri zinatsala ku Durban zokha, osabedwa ndi munthu. Kenako anatisonyeza kachitsulo kamene opanga botilo anakhomera mkati, kolembedwa kuti injini isapitirire 50.

"Mukapachika ya 60, tsiku lina thabwa lakumbuyoli lidzathyoka, injini n'kupita yokha kukacheza ndi akampango. Kumpoto uko nyanjayi ndi yakuya mamita 700. Kuno sikufika pamenepo, koma simudzaitolabe."

Munthu wodwala matenda ndanena aja sachira ndi mankhwala amodzi. Alamu anatembenukira ku pulopela. Anamva kwa anzawo pa WhatsApp kuti yachitsulo chosachita dzimbiri imathamangitsa boti kuposa ya aluminiyamu. Makaniko anavomera kuti mwina tingapeze makilomita awiri kapena atatu pa ola. Koma anatikumbutsa kuti mbuna zimene alendo amabwerera ku Cape Maclear zimakhala m'miyala, ndipo miyalayo siisuntha ikaona boti. Ya aluminiyamu ikagunda mwala imapindika yokha, uwongola kapena ugula ina. Yachitsulo siigonja, imapereka nkhonyayo ku shafiti ndi magiya, ndipo pamenepo umagulitsa mbuzi zonse za m'khola. Alamu atafunsa za pulopela ya pitchi yaikulu, anawauza kuti inchi iliyonse yoonjezera imatsitsa kuzungulira kwa injini ndi 150 mpaka 200 pa mphindi, ndipo boti lolemedwa limangolira osadzuka.

Ine ndinaponyapo nzeru zanga za wachiwiri. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera ukakwiya, ngakhale ukhale ndi hosipawa 200 umayenda pang'onopang'ono ukupemphera. Ilala yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, liwiro lake silifika ngakhale makilomita 20 pa ola, koma anthu amafika ku Likoma ndi mbuzi zawo zomwe. Alamu anati Ilala ilibe mnzake woibayibitsa.

Pomaliza makaniko anafunsa funso limene tikanayambira. "Kodi mumakwera angati?"

Tinayamba kuwerenga. Alamu, akazi awo, mayi akunyumba kwanga, ana, apongozi ndi mpando wawo wa ndalema poti sakhala pa benchi, azakhali amene amangopezeka akamva kuti galimoto ikupita kunyanja, bokosi la zozizira, mbaula, thumba la makala, sipika ndi batire yake ya galimoto. Bamboyo anagwira pakamwa. Anati boti lathu silinayambe ladzukapo pamadzi chibwerere, limangoimika mphuno m'mwamba n'kumakoka madzi ngati ng'ombe yolima m'dambo. Anasuzumira pansi pake n'kupeza ndere zoti n'kudyetsa dziwe lonse la chambo. Malangizo ake anali aulere: kwechani ndere, sinthani mapulagi, olemera azikhala kutsogolo, ndipo koposa zonse chepetsani katundu.

Burashi tinagula, mapulagi tinasintha. Pa katundu ndi pamene panavuta. Apongozi sungawasiye pagombe ngati ukufunabe banja. Azakhali ukawasiya, nkhani imafika kumudzi iwe usanafike ku Thumbi. Bokosi la zozizira alamu anati ndi mbali ya injini. Tinagwirizana kuti chilungamo chichokere pa sikelo, ndipo tinabwereka ya venda wina wogula nandolo. Masikelo amenewa mukuwadziwa, amachepetsa kulemera kwa chilichonse chopachikidwapo. Mbaula inapita bwino, makala anapita bwino, azakhali anapita bwino. Nditadzipachika ine, venda anathamanga kudzalanditsa sikelo yake.

Loweruka lotsatira anandikweza pa udindo, ndinakhala woyang'anira gombe. Ndinakhala pansi pa mtengo ndikulondera galimoto, ndipo ndinaona ndi maso anga boti lija likudzuka, mphuno n'kutsika, n'kuuluka pamadzi apongozi atagwira duku ndi manja awiri. Atabwerera, alamu anandikumbatira misozi ili m'maso. "Alamu, hosipawa 20 zija tinali nazo kale. Mumazikhalira."

Choncho amene mukufuna kukweza injini ya boti lanu, yambani mwabwereka sikelo, chifukwa mwina mamiliyoni amene mukufuna kuwononga akukhala nanu patebulo limodzi. Mayi akunyumba akuti ndikachepetsa nsima ndidzabwerera pa udindo wanga wakale Khirisimasi isanafike. Nkhaniyo ndaikana. Ngati alamu anaona kuti masekondi 20 pa kilomita sayenera mtengo wa injini, ine ndaona kuti sayeneranso mtanda wanga wachinayi. M'malo mwake ndalemba kalata ku komiti kuti azindilipira lendi ya hosipawa zangazo, yoyambira pa chambo chimodzi pa ulendo uliwonse.