Mmene Mungatayire Abwenzi Osatuluka mu Ofesi

Olemekezeka bwana wosunga chikwama cha boma ku Washington, tamva kuti akupatsani chikwanje chatsopano ndipo mukusowa poyambira. Musayerekeze kulowera kwa asilikali, kumene kumapita madola opitirira 800 biliyoni pa chaka. Kumeneko kuli eni ake, ndipo eni akewo ali ndi mfuti. Inu tsegulani tsamba la nthambi yoona za maphunziro ndi chikhalidwe mu unduna wa zakunja, ija ya Bureau of Educational and Cultural Affairs. Pamenepo mu 2025 panali madola 741 miliyoni, ndalama zimene zimabweretsa ku America ophunzira, aphunzitsi, atolankhani, oimba ndi aphungu a mayiko ena, n'kutumizanso ana a kwanuko kuti akaone mmene anzawo amakhalira. Ndalama zonsezi pamodzi sizingagule ndege zankhondo khumi za F-35. Mu 2025 boma lanu linapempha kuti zitsike zifike pa madola 50 miliyoni, ndiye kuti kudula 93 pa 100 iliyonse, zotsalazo osakwana ndi ndege imodzi yomwe. Amene anaganiza zimenezi ndi katswiri. Ndi mtundu uja wa msungichuma wa pa ukwati amene, ataona kuti ng'ombe zophedwa ndi khumi, amapulumutsa ndalama za komiti pochotsa mchere.

Ubwino woyamba wa tsamba limeneli ndi wakuti olira ake savota. Mphunzitsi wa pa yunivesite ku Zomba amene anayembekezera sikolashipu ya Fulbright, namwino wa ku Chipata amene analemba fomu ya Mandela Washington Fellowship usiku wonse pa foni ya batire lakutha, mtolankhani wa ku Lagos, wofufuza wa ku Jakarta: palibe mwa iwo amene ali ndi phungu ku Congress. Mukadula za alimi a chimanga ku Iowa, mawa lake mathirakitala ali pakhomo panu. Awa akangolandira imelo yowauza kuti zaimitsidwa, amayankha mwaulemu kuti amvetsa, ena mpaka kuthokoza.

Koma chenjerani ndi mbiri yakale, chifukwa ikhoza kukufooketsani dzanja. Musalole kuti wina akufotokozereni mmene zinayambira. Nkhondo yachiwiri itatha, America inasiya katundu wambirimbiri wa asilikali m'mayiko akunja: magalimoto, mabulangete, mahema, zakudya zam'zitini. Kubweza katunduyo kwawo kunali kodula, ndipo mayiko ofuna kugula analibe madola. Senator J. William Fulbright wa ku Arkansas, amene iye mwini anaphunzirako ku Oxford pa ndalama za Cecil Rhodes, anaganiza kuti mayikowo alipire m'ndalama zakwawo, ndalamazo zigwire ntchito yosinthana ophunzira. Pulezidenti Truman anasayina lamulolo pa 1 Ogasiti 1946. Ndiye kuti pulogalamu imene lero yadutsamo anthu opitirira 400,000, yogwira ntchito m'mayiko oposa 160, yomwe ena mwa ophunzira ake oposa 60 anadzalandira mphoto ya Nobel, inayamba ndi ndalama za kaunjika wa nkhondo. Nkhani yotere siyenera kumveka pa msonkhano wa bajeti. Ikamveka, inu kumbutsani anthu kuti Fulbright yemweyo anasayina chikalata cha 1956 chokana kuti ana akuda ndi azungu aziphunzira sukulu imodzi, ndipo anatsutsa lamulo la ufulu wa anthu akuda la 1964. N'zoona ndithu, bamboyo ankafuna kuti anthu a mitundu yonse amvane, bola kumvanako kuzichitikira kutsidya kwa nyanja. Zimenezi sizikhudza bajeti, koma zimasokoneza nkhani, ndipo kusokoneza nkhani ndi theka la ntchito yanu.

Chida chanu chachikulu ndi funso limodzi lokha, ndipo muzilifunsa mutakwinya nkhope: "Tapindulanji chaka chino?" Palibe amene angakuyankheni, pakuti malonda amenewa phindu lake silibwera chaka chomwecho. Mu 1967 ofesi ya kazembe wanu ku London inasankha phungu wina wamkazi wa chipani chotsutsa, n'kumuyendetsa m'mizinda ya America kwa milungu isanu ndi umodzi pa ndalama za msonkho. Wowerengera ndalama wa chaka chimenecho akanalemba kuti: mayi mmodzi, wagona m'mahotela, wadya, wabwerera kwawo. Mayiyo anali Margaret Thatcher, ndipo anadzakhala nduna yaikulu ya Britain mu 1979, bwenzi la America lomwe silinkagwedezeka. Mu 1958, pa mgwirizano wosinthana ophunzira ndi Soviet Union, yunivesite ya Columbia ku New York inalandira mnyamata wina wa chipani cha chikomyunizimu dzina lake Alexander Yakovlev. Anabwerera kwawo akunyozabe America. Patapita zaka pafupifupi 30, ndi iyeyo amene anakhala pambali pa Gorbachev n'kumamunong'oneza zomasula dziko. M'gulu lomwelo la ku Columbia munalinso Oleg Kalugin, kazitape wa KGB amene anabwera atavala nkhope ya wophunzira utolankhani. Ameneyu anadzamaliza ndi kukhala nzika ya America. Akuluakulu kwathu amati kupatsa n'kuika. Inu musavomere. Munthu amene mpando wake ndi wa zaka zinayi alibe chifukwa choikira chinthu chimene adzatole ndi mdzukulu wa mdani wake pa ndale.

Wina akakakamira, muuzeni za amene anapita kunja n'kubwerako atalusa. Alipo. Sayyid Qutb anatumizidwa ndi boma la Egypt mu 1948 kuti akaone maphunziro a ku America, anakhalako ku Greeley m'boma la Colorado, ndipo anabwerera akudana ndi chilichonse chimene anaona. Zolemba zake zinadzakhala chakudya cha magulu a zigawenga. Ifenso tili ndi wathu, ngakhale kuti wake unali ulendo wa ndalama za mpingo: John Chilembwe anapita ku Virginia mu 1897, anabwerako mu 1900, ndipo mu 1915 atsamunda anadziwa kuti sukulu ya ku Lynchburg sinkaphunzitsa nyimbo zokha. Apa mfundo yanu ndi yolimba, bwana. Munthu ukamuonetsa dziko, amaona ndi zimene sunafune kuti aone, ndipo akabwerera amaganiza yekha. Boma lanzeru sililipirira ngozi yotere.

Oimba ndiye musawayandikire n'komwe. M'zaka za m'ma 1950 unduna wanu unayamba kutumiza akatswiri a jazi kunja, kuyambira ndi Dizzy Gillespie mu 1956, kuti dziko lione kuti munthu wakuda ku America ndi mfulu. Mu 1957, asilikali a boma la Arkansas atatsekereza ana akuda asanu ndi anayi pa chipata cha sukulu ku Little Rock, Louis Armstrong anakana ulendo wa ku Soviet Union umene boma linkamukonzera, ndipo anadzudzula Pulezidenti Eisenhower pamaso pa atolankhani. Tangoganizani, munthu wofuna kumugulira tikiti akukuchititsani manyazi chotere! Choipa kwambiri n'chakuti kulankhula kwakeko n'kumene kunachititsa anthu akunja kukhulupirira kuti mwina ufuluwo ulipodi, ndipo mu 1960 atafika ku Léopoldville, pakati pa chipwirikiti cha ku Congo, anthu anamunyamula pa mpando ngati mfumu. Zinthu zopindulitsa mwa njira yosalamulirika chonchi sizilowa bwino m'mafomu a ofesi.

Nawo achinyamata anu amene mumatumiza kuno ali ndi vuto lomwelo. A Peace Corps anayamba kufika ku Malawi mu 1963. Pofika 1965, mmodzi wa iwo, Paul Theroux, anali atathamangitsidwa chifukwa chothandiza otsutsana ndi Kamuzu. Wina, Jack Allison, anapeka nyimbo ya Ufa wa Mtedza yophunzitsa amayi kadyetsedwe ka ana, nyimboyo inagwira wailesi mpaka mwini dziko anaona kuti mnyamatayo watchuka mopitirira muyeso. Mpaka lero kuli agogo kumudzi amene sadziwa dzina la kazembe wanu aliyense, koma amakumbukira mzungu amene ankaimba Chichewa. Kodi chikumbumtima cha agogo mungachilembe pa mzere uti wa bajeti?

Tsono pali chopinga chimodzi, ndicho aphungu anu omwe. Mu ulamuliro woyamba wa a Trump boma linapemphanso kudula ndalama zimenezi kwambiri, koma aphungu a zipani zonse ziwiri anakana. Chifukwa chake si chikondi chawo pa namwino wa ku Chipata. Iwo amadziwa chinsinsi chimene inu muyenera kubisa: ndalama zambiri za "alendo" zimenezi sizituluka m'dziko lanu. Achinyamata a Mandela Washington Fellowship akafika, amagawidwa m'mayunivesite a m'maboma osiyanasiyana kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo wolandira cheke ndi yunivesite, mwini basi, mwini hotela ndi kampani ya ndege, onsewo ovota. Choncho musatchule kumene ndalamazo zimathera. Muzingoti "ndalama zanu zikupita kunja", mukuloza chakum'mawa. Akabwera ndi mawu a General James Mattis, amene mu 2013 anauza aphungu kuti akapanda kupereka ndalama zokwanira ku unduna wa zakunja iye adzafunika kugula zipolopolo zambiri, inu muombe m'manja. Zipolopolo zimapangidwa kwanu komweko, zimawerengeka, ndipo palibe chipolopolo chimene chinayamba chadzudzula pulezidenti pamaso pa atolankhani.

Aphungu akakana kudula, musataye mtima, pali njira zosafuna voti. Imitsani malipiro "kwa masiku 15 okha kuti tiunike", monga zinachitikira mu Febuluwale 2025, kenako muiwale kuwerenga masikuwo. Wophunzira amene ali kale ku Ohio aone yekha chouza mwini nyumba. Kanizani anthu ena amene komiti yasankha kale chifukwa mitu ya kafukufuku wawo sikukusangalatsani; mamembala 11 mwa 12 a bodi ya Fulbright adzatula pansi udindo, monga anachitira mu Juni chaka chomwecho, ndipo mudzapulumutsa ndi ndalama za tiyi wa pa misonkhano yawo. Lamulani kuti wofuna viza ya sukulu atsegule masamba ake onse a pa intaneti kuti muone ngati sanakusekenipo. Mlendo wamba muuzeni asiye chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Mwambo umenewu unayambira pa Malawi ndi Zambia mu Ogasiti 2025, ndipo tikuthokoza potiika patsogolo kamodzi kokha m'mbiri ya dziko. Pomaliza ikani mayiko angapo, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali momwemo, pa mndandanda woletsa ma viza a F, M ndi J, podziwa kuti J ndi chitupa chenichenicho chimene anthu a mapulogalamu osinthanawa amalowera. Mukatero ndalama zikhoza kukhalabe m'buku, chikwangwani chikhoza kukhalabe pakhomo, koma wolowa palibe. Kumapeto kwa chaka mudzalemba lipoti loona ndithu lakuti ofuna mwayiwu achepa.

Ndinene pang'ono za ife olandira, kuti mtima wanu usakutsutseni. Si tonse oyera. Aliyense amalemba pa fomu kuti akadzabwerako adzatukula dera lake, ndipo ena dera limene amatukula ndi tsamba lawo la Facebook, ndi chithunzi chimodzi atavala chijasi pa chipale chofewa. Palinso masikolashipu aja opatsana boma ndi boma, amene nthawi zina amalengezedwa tsiku lotseka litadutsa, mayina a opita n'kumafanana modabwitsa ndi a akuluakulu ena. Gwiritsani ntchito nkhani zimenezi mokwanira. Musatchule kuti viza ya J kwa wolipiriridwa ndi boma imamukakamiza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri, kapena kuti Chevening ya ku Britain, imene inayamba mu 1983, ili ndi lamulo lofananalo. Musatchulenso Legson Kayira, amene ananyamuka wapansi kumpoto kwa Nyasaland mu 1958, n'kukapeza dzina la koleji ya Skagit Valley m'buku la m'laibulale ya boma la America ku Kampala. Laibulale imeneyo inali ndalama zotayika zenizeni: mashelefu, nyali, wosesa, zonsezo kudikirira mnyamata wopanda nsapato.

Musaope kuti mukhala nokha. Britain inatsitsa thandizo lake lakunja kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake mu 2021, mu 2025 n'kulengeza kuti ifika pa 0.3, ndipo British Council ikubuula ndi ngongole ya pafupifupi mapaundi 200 miliyoni imene inakongola ku boma lake lomwe nthawi ya Covid. Musaderenso nkhawa ophunzirawo kuti asowa kopita. Mu 2018 China inalonjeza Africa masikolashipu a boma 50,000. Kuno anatimangira kale Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, ndipo yunivesite ya MUST ku Thyolo inamangidwa ndi ngongole yawo. Namwino uja adzalemba fomu ina, pa foni yomwe ija, ndipo adzaphunzira kudya ndi timitengo.

Ntchito yotsala ndi ya amene adzakhale pa mpando wanu cha m'ma 2045. Adzaimba foni ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Abuja, nduna ya kumeneko idzamuyankha mwaulemu kuti ili pa msonkhano ndi anzake a m'kalasi a ku Wuhan, ayesenso sabata yamawa. Musiyireni kakalata m'dirowa komulangiza kuti akhazikitse komiti ya akatswiri yofufuza chifukwa chimene Africa sikuyankhira mafoni. Komitiyo aipatse madola 800 miliyoni, ndi matikiti a kalasi yoyamba kuti ikafunse anthuwo kwawo komweko.